Ngalande Ikagumukira M'khosi, Dzanja Limwa Kuti?

Ife oyenda ndi miyendo yathu tikaona munthu wothyoka khosi ali pachikuku, timangoti chimene akulakalaka koposa n'kudzuka n'kuyenda. Eni akewo amanena zina. M'chaka cha 2004, katswiri wa ku America, Kim Anderson, adatulutsa zotsatira za kafukufuku amene adafunsa anthu 681 ovulala msana kuti atchule chinthu chimodzi chimene chingasinthe moyo wawo chitabwerera. Mwa amene adafa manja ndi miyendo yomwe, pafupifupi theka adatchula mkono ndi dzanja. Kuyenda kudatsalira kumbuyo.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Chikuku chimagwirako ntchito ya miyendo, koma ntchito ya zala ilibe woigwirira. Wopanda zala amadikira wina kuti amutemere nsima n'kumuika m'kamwa, amuingire ntchentche kumaso, amugwirire foni kukhutu, amulowetse kapaipi kotulutsira mkodzo kangapo patsiku. Koma amene angathe kupana sipuni pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala akhoza kutsala yekha pakhomo m'mawa wonse, womusamalira n'kupita kumunda kapena kumsika mtima uli m'malo.

Bungwe la WHO limati anthu oposa 15 miliyoni padziko lonse ali ndi vuto lovulala mtsempha wa msana, ndipo ambiri adagwa, adachita ngozi pamsewu kapena adavulazidwa. Nafenso timawadziwa: wina adagwa mumtengo wa mango, wina adagundidwa ali pakabaza, wina adaterereka atasenza thumba lolemera. Kwa zaka zoposa 50 tsopano, madokotala ndi mainjiniya akhala akufunafuna njira zobwezera anthu otere dzanja, ena ndi mpeni ndi ulusi, ena ndi magetsi.

Sikimu ya m'thupi

Taganizirani sikimu ya ulimi wothirira. Kumtunda kuli damu. Kuchokera padamupo ngalande yaikulu imatsetsereka, ndipo pakapita kamtunda pamakhala geti pamene kangalande kamapatukira kukamwetsa mapuloti a chigawo chimenecho. Thupi lidayalidwa chimodzimodzi. Damu ndi ubongo. Ngalande yaikulu ndi mtsempha wofewa, wonenepa ngati chala chaching'ono, umene umadutsa m'mphako ya mafupa a msana kuchokera m'mutu kutsikira chakuchiuno. Tingalande ndi mitsempha ya uthenga yopita m'mikono ndi m'miyendo. Mapuloti ndi minofu. Madziwo ndi lamulo lakuti pinda, wongola, fumbata, tula.

M'khosi mokha muli mageti 8 mbali iliyonse, ndipo madokotala amawawerenga kuchokera kumtunda, C1 mpaka C8. Mageti a C3, C4 ndi C5 amamwetsa mnofu umene timapumira. La C5 limamwetsanso phewa ndi minofu yopinda chigongono. La C6 limadzutsa dzanja pamfundo pamene timavala wotchi. La C7 limawongola chigongono. La C8 limafumbatitsa zala, ndipo lotsatira, la T1, limasamala timinofu ta m'chikhatho.

Zala, tsono, zili kumchira kwa chigawochi. Khosi limakonda kuthyokera chakumunsi, kuzungulira C5 ndi C6, pamene limapindika kwambiri. N'chifukwa chake mumapeza munthu akugwedeza mapewa bwinobwino, akupinda mkono mpaka dzanja kufika pakamwa, koma zala zili lende, osatha kutola ngakhale njere ya nyemba.

Ngalande ikagumuka, woyendera sikimu amapeza mapuloti a mitundu itatu. A kumtunda kwa pogumukapo ndi obiriwira, akumwa monga kale. A kumunsi ndi ouma, komabe tingalande tawo tili bwinobwino kuyambira pageti mpaka pamzere womaliza. Chasowa ndi madzi okha. M'thupi, maselo amene amalamula minofu imeneyi amakhala m'kati mwa mtsempha wa msana kumunsi kwa bala, ndipo ndi amoyo. N'chifukwa chake mwendo wa munthu wofa ziwalo umatha kudzidzimuka wokha n'kunjenjemera iye osautuma. Mtundu wachitatu ndi wa mapuloti a pomwe pagumukapo. Awa geti lawo lidakokoloka, kangalande kadakwiririka. Maselo awo adafera pabalapo, mtsempha umafota, ndipo mnofu umaphwa msanga. Pakatha chaka kapena chaka ndi theka, mnofu wotere umasanduka mafuta ndi zipsera, ndipo ngakhale madzi atabwera mawa sumeretsanso kanthu.

Ndi maso simungasiyanitse puloti ya mtundu wachiwiri ndi ya wachitatu, zonse zili zii. Dokotala amamata kawaya pakhungu n'kutumiza kamphamvu ka magetsi. Mnofu ukadumpha, kangalande kake n'kamoyo. Ukangokhala chete, wotchi yayamba kale kuwerenga.

Pali chinthu chimodzi choyenera kuchinena mosapsatira: palibe dokotala padziko pano amene amatha kumanganso ngalande yaikuluyo. Opaleshoni imene amachita ngozi itangochitika, yoika zitsulo m'khosi, imalimbitsa mafupa ndi kuchotsa chimene chikupana mtsempha, koma siilumikiza zimene zaduka. Mitsempha ya m'mikono ikadulidwa imaphukanso. Ya m'kati mwa msana siiphuka mokwanira. Ntchito yonse yobwezera dzanja ndi yogawa madzi amene atsala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mphatso yaulere

Ikani mkono patebulo chikhatho chitaloza pansi, dzanja lilendewere m'mphepete, mulisiye lilefuke. Zala zatambasuka. Tsopano dzutsani dzanjalo pamfundo ya wotchi ija, zala osazituma kanthu. Muona zikupindika zokha, chala chachikulu n'kukagunda m'mbali mwa chamkombaphala.

Izi zimachitika chifukwa minofu yamphamvu ya zala siikhala m'zalamo. Imakhala m'mkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, ndipo imakoka zala ndi zingwe zazitali zoyera. Amene adakokapo kachingwe ka m'chipalapasiro cha nkhuku n'kuona zala zake zikufumbata adaziona kale zingwe zimenezi. Dzanja likadzuka, zingwezo zimakungika, zala n'kutseka. Munthu amene geti lake la C6 lidapulumuka amaphunzira kutola buledi, foni kapena kapu yopepuka mwa njira imeneyi. Kugwirako kumakhala kofooka, chinthu cholemerako chimapulumuka, koma ndi maziko amene madokotala amamangapo.

Kusintha mbewu

Banja lili ndi mapuloti atatu a tomato kumtunda, onse akumwa, pamene puloti ya chimanga yauma kumunsi. Nzeru yapafupi n'kuzula tomato papuloti imodzi n'kudzalapo chimanga. Madzi ndi omwe aja, nthaka ndi yomweyo, zokolola zokha ndizo zasintha.

Thupi lili ndi mapuloti apadera otere. Chigongono chimapindidwa ndi minofu itatu: biceps, brachialis ndi brachioradialis. Umodzi utachoka, iwiri yotsalayo imakwanitsa. Dokotala amamasula chingwe cha brachioradialis chakudzanja, n'kuchilukira m'chingwe chopinda chala chachikulu. Mnofuwo uli pomwe udali, koma ukakoka, chala chachikulu chimapana chamkombaphala monga timagwirira kiyi potsegula loko. Ndi kupana kumeneko munthu amagwira foloko, cholembera, mswachi ndi kapaipi ka mkodzo kaja. Ngati minofu iwiri yodzutsa dzanja ili yamphamvu, umodzi amaupatutsa kuti uzikoka zala zinayi pamodzi, munthu n'kumagwira botolo.

Chigongono nacho amachikonza motero. Amatenga mbali ya kumbuyo ya mnofu wa paphewa, n'kuitalikitsa ndi chingwe chochokera kwina m'thupi, kawirikawiri kumwendo, kufikitsa pamene triceps, mnofu wowongola chigongono, imagwira. Ena amagwiritsa ntchito biceps. Amene sanaonepo angati kuwongola chigongono n'kachinthu kakang'ono. Koma munthu wopanda triceps akagona chagada n'kukweza mkono, dzanja limamugwera kumaso. Sangafikire switchi pakhoma, sangakankhe chikuku pachitunda, ndipo kudzinyamula pampando kuti matako apume kumamuvuta.

Amene adatsegula njirayi kwa othyoka khosi ndi dokotala wa ku Gothenburg m'dziko la Sweden, Erik Moberg, m'zaka za m'ma 1970. Luso losamutsa zingwe lidalipo kale: lidakula pothandiza odwala poliyo, asilikali ovulala kunkhondo, ndiponso odwala khate, amene Paul Brand adayamba kuwakonza manja ku Vellore m'dziko la India chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Mu 1984 madokotala a manja adakumana ku Giens, ku France, n'kugwirizana njira yoikira odwala m'magulu powerenga minofu yamphamvu imene yatsala kumunsi kwa chigongono. Wopanda mnofu ndi umodzi womwe ali m'gulu 0, wa mnofu umodzi ali m'gulu 1, kumangokwera choncho mpaka 9. Kumeneku n'kuwerenga mapuloti obiriwira musanagawe mbewu.

Malamulo ake ndi okhwima. Amasamutsa mnofu wokhawo umene ungalimbane ndi dzanja la dokotala akaukankha, chifukwa posamuka umatayako mphamvu. Mnofu umodzi umagwira ntchito imodzi. Ubwino wake ndi wakuti palibe kuchedwa: ngakhale patatha zaka 10 kapena 20 opaleshoniyi imatheka, popeza puloti imene mukudzalapo sidaumepo. Chowawa chake ndi masabata okhala m'chikhakha, pamene munthu amene adazolowera kudzichitira tina ndi tina amabwerera kudalira ena pa chilichonse, ndipo ambiri amaopa zimenezi kuposa mpeni. Jan Fridén, amene adagwira ntchito ku Gothenburg ndi ku Nottwil m'dziko la Switzerland, adalimbikitsa kasokedwe kolimba kolola wodwala kuyamba kugwedeza zala tsiku lotsatira, ndiponso kuchitira limodzi kutseka ndi kutsegula dzanja pa opaleshoni imodzi.

Kupatutsa kangalande

Mlimi wina angati: puloti ya chimanga ili bwinobwino, mizere yake idalimidwira chimanga, nanga bwanji osangopatutsa madzi a tomato kuti apite kumeneko? Maganizo amenewa ndiwo adabala opaleshoni yosamutsa mitsempha. Dokotala amadula kanthambi ka mtsempha kopita kumnofu wapadera, n'kukalumikiza kumtsempha wa mnofu wouma. Amasoka akuyang'ana pa maikulosikopu, ndi ulusi wochepa kuposa tsitsi.

Mu 2012, Susan Mackinnon ndi anzake a ku Washington University mumzinda wa St. Louis adafotokoza za bambo wa zaka 71 amene adavulala khosi pangozi ya galimoto. Patatha pafupifupi zaka ziwiri chichitikire ngoziyo, adatenga mtsempha wa brachialis n'kuulumikiza kumtsempha wopinda nsonga za chala chachikulu ndi chamkombaphala. Itapita miyezi yambiri ya mafizo, bamboyo adayamba kudzidyetsa. Ku Brazil, Jayme Bertelli adaonetsa njira ina. Mnofu wa supinator umatembenuza chikhatho kuti chiloze kumwamba monga polandira chinthu, koma biceps nayo imagwira ntchito yomweyo. Choncho mtsempha wa supinator akhoza kuupereka kuminofu yotambasula zala. Kutambasula n'kofunika ngati kufumbata komwe: dzanja lotseka lokhalokha silingazinge kapu, ndipo likagwira chinthu silichitula.

Apa pali phindu limene kusintha mbewu kulibe. Kangalande kamodzi kamamwetsa mapuloti angapo, ndiye mtsempha umodzi umatha kudzutsa minofu ingapo nthawi imodzi, uliwonse ukukoka m'njira imene udalengedwera. Dzanja limakhala lofewa, kayendedwe kake kooneka ngati kachibadwa.

Koma madzi safika tsiku lomwelo. Mtsempha wolumikizidwawo umayenera kuphuka kuchokera pamsoko n'kukwawa m'njira ya mtsempha wakale, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Masentimita 10 amadya miyezi itatu ndi kupitirira. Wodwala amatuluka m'chipatala dzanja lili monga lidalili, n'kukhala miyezi akuyang'ana chala chosagwedezeka. Kenaka tsiku lina nsonga ya chala imathwanima pang'ono, ndipo mphamvu imanka ikula mpaka zaka ziwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku Canada, Tessa Gordon ndi anzake adapeza kuti mtsempha wongosokedwa kumene ukapatsidwa timagetsi tofatsa kwa ola limodzi umafulumirako kuphuka. Adayamba ndi makoswe, kenaka njirayi idayesedwa pa anthu ochitidwa opaleshoni ya mtsempha wa padzanja.

Nthawi ndiyo imalamula. Ngati mnofu wofunika kuudzutsa uli kumunsi kwa bala, kangalande kake kali kamoyo, ukhoza kudikira zaka. Ngati uli pomwe padagumuka, opaleshoni iyenera kuchitika chaka chisanathe, kuti mtsempha watsopano upeze nthaka isanafe. Komanso dokotala sangathamange mwezi woyamba, chifukwa m'miyezi yoyambirira thupi limabweza lokha zina mwa zimene zidatayika, ndipo si nzeru kudula mtsempha umene ukadadzuka wokha. Mpata wake ndi wopapatiza, pafupifupi pakati pa miyezi 6 ndi 12.

Umboni waukulu udachokera ku Melbourne m'dziko la Australia. Mu 2019, Natasha van Zyl ndi anzake a ku Austin Health adalemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet za anthu 16 amene adawasamutsa mitsempha 59 m'mikono 27, onse pasanathe miyezi 18 chivulalire. Anthu 13 adawatsatira mpaka zaka ziwiri, ndipo ambiri adatha kutambasula mkono, kutsegula dzanja, kugwira ndi kupana. Mitsempha inayi, mwa anthu atatu, siidagwire. Ena adasamutsidwa mitsempha kudzanja limodzi ndi zingwe kudzanja linalo, ndipo atafunsidwa adakonda onse awiri pa zifukwa zosiyana: la mitsempha pa ntchito zofuna luso, la zingwe ponyamula zolemera. Njira ziwirizi sizipikisana, madokotala ambiri tsopano amaziphatikiza.

Keni, pampu ndi paipi

Tibwerere kumapuloti a kumunsi aja, ouma koma a tingalande tabwinobwino. Mlimi wosafuna kudikira amatenga keni n'kuthira madzi m'kangalandemo ndi manja. Magetsi amachita zomwezo. Uthenga woyenda mumtsempha ndi kamphamvu ka magetsi kale, ndipo mnofu sufunsa kumene kachokera. Mukamata timapepala ta mawaya pakhungu la mkono n'kutumiza timagetsi tofooka maulendo oposa khumi pa sekondi iliyonse, mnofu umakoka, zala n'kufumbata. A mafizo amagwiritsa ntchito zimenezi pophunzitsa: wodwala amayesetsa kugwira kapu, makina n'kumumalizitsira, kubwereza kambirimbiri. Papuloti ya pogumuka, pamene kangalande kadakwiririka, njira imeneyi siigwira.

Funso lovuta ndi lakuti wothirayo adziwa bwanji kuti mwini dzanja akufuna kugwira kapu tsopano lino. Ku Cleveland m'dziko la America, injiniya Hunter Peckham wa ku Case Western Reserve University ndi dokotala Michael Keith adayankha ndi chipangizo chotchedwa Freehand. Mu 1986 adachiika koyamba mwa munthu: kabokosi pansi pa khungu la pachifuwa, ndi mawaya otsika m'mkono kukafika kuminofu 8. Mwini wake ankalamula ndi phewa la mbali inayo. Akalisuntha, dzanja linkatseka kapena kutsegula. Nthawi zambiri ankachiphatikiza ndi kusamutsa zingwe. Mu 1997 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, lidachivomereza, ndipo anthu pafupifupi 250 adachilandira. Chinkagwira ntchito. Koma mu 2001 kampani yake idaleka kuchigulitsa chifukwa msika udali wochepa, ndipo anthu adatsala ndi mawaya m'thupi, zida zosinthira zikunka zisowa. Alimi ambiri amaidziwa nkhani ya pampu yabwino imene idaima chifukwa chosowa sipeya.

Ena adaganiza zoyala paipi kuchokera padamu penipeni, kulumpha pogumuka ponse. Ian Burkhart wa ku Ohio adathyoka khosi mu 2010 ali ndi zaka 19, atadumphira m'nyanja. Mu 2014 madokotala a ku Ohio State University, mogwirizana ndi bungwe la Battelle, adamuika muubongo kachipangizo kochepa ngati njere ya nsawawa, kokhala ndi timasingano 96 tomvetsera maselo olamula dzanja. Waya ankachokera pachigaza kupita kukompyuta, kompyutayo n'kumaphunzira kusiyanitsa ganizo lofumbata ndi lotambasula, kenaka n'kutumiza magetsi ku lamba wa timawaya wokulungidwa pamkono. Mu 2016 adaonetsa akuthira zinthu kuchokera m'botolo, akutakasa ndi kamtengo, akudutsitsa khadi ya kubanki pamakina. Chaka chotsatira, ku Cleveland, Bill Kochevar, amene ngozi ya njinga idamupha mkono wonse kuyambira paphewa, adadzidyetsa mbatata yaphalaphala mwa njira yofananayo, ndi timawaya 36 tolowetsedwa m'mkono ndi chochirikizira mkonowo.

Zimenezi n'zodabwitsa, koma zidachitikira m'chipinda cha kafukufuku. Waya akazulidwa madzulo, dzanja la Burkhart linkabwerera mwakale, ndipo mu 2021 kachipangizo kaja adakachotsa. Paipi yotereyi sinafikebe pakhomo pa munthu wamba.

Kukweza madzi

Anthu ambiri ovulala khosi ngalande yawo siiduka yonse. Imatsekeka ndi matope, kamadzi n'kumadonthabe kupita kumunsi, koma kochepa kosafika pakamwa pa geti. Ngati madzi a m'ngalande ya kumunsi mutawakweza mpaka m'milomo, kadontho kochokera kudamu kangakwanire kusefukitsa.

Umu ndi mmene chimagwirira chipangizo cha ARC-EX. Sichifuna opaleshoni. Amamata timapepala kumbuyo kwa khosi, magetsi n'kudutsa pakhungu kukadzutsa maselo a mtsempha wa msana kuti akhale tcheru. Makinawo sasuntha chala ndi chimodzi chomwe. Wosuntha ndi mwini wake, kudzera m'timitsempha topulumuka tija. Mu 2024 Chet Moritz wa ku University of Washington, Grégoire Courtine wa ku Lausanne ndi anzawo adalemba mu Nature Medicine za anthu 60 amene adamaliza kafukufuku. Onse adali atavulala kwa chaka kapena kuposerapo, wina zaka 34, ndipo onse adali ndi kamadzi kodonthako. Adachita mafizo okha miyezi iwiri, kenaka mafizo omwewo ali ndi magetsi pakhosi miyezi ina iwiri. Anthu 43 adawonjezera mphamvu ndi luso la manja, ndipo kuyezako kudachitika makina atazimitsidwa. Mu December chaka chomwecho FDA idavomereza chipangizochi.

Nkhaniyi ndi yoimva modekha. Kafukufukuyu adalibe gulu lina lopatsidwa magetsi onamizira loti n'kufananitsa nalo, ndipo kusintha kwa ambiri kudali kwapang'ono: kupana molimbako, kutola kanthu mofulumirako. Koma kwa munthu amene foloko inkamupulumuka, pang'ono pameneposo ndi posiyanitsa kudyetsedwa ndi kudya.

Pamene sikimu ikulekera

Fanizo lathu lili ndi malire awiri. Oyamba ndi akuti madzi amayenda kumodzi, pamene mtsempha wa msana umanyamula uthenga uku ndi uku. Lamulo limatsika, koma kumva kutentha, kuthina ndi kuterera kumakwera. Munthu akhoza kubwezeredwa kufumbata koma osamva chimene wagwira. Wotereyu amagwira ndi maso: akayang'ana kumbali kapu imagwa, ndipo tiyi wotentha amamuotcha iye osadziwa. Moberg ankaumirira kuyeza kamvedwe ka chala chachikulu asanagwire mpeni. Mu 2023 akatswiri a ku Feinstein Institutes ku New York adaika tizipangizo muubongo wa Keith Thomas tonyamula uthenga mbali zonse ziwiri, ndipo iye adamva dzanja lake likugwidwa. Imeneyinso ikadali ntchito ya kafukufuku.

Malire achiwiri ndi akuti damu siliphunzira, koma ubongo umaphunzira. Amene wasamutsidwa mtsempha wa brachialis amayamba n'kuganiza zopinda chigongono kuti zala zitseke. Wa supinator amaganiza zotembenuza chikhatho kuti zala zitambasuke. Amabwereza kambirimbiri pamaso pa a mafizo mpaka ubongo utasiyanitsa ntchito ziwirizo, n'kufika pongofuna kapu dzanja n'kupita lokha. Opaleshoni yopanda mafizo a miyezi yambiri siipindula kwenikweni.

Kusunga mapuloti

Njira zonsezi zimafuna chinthu chimodzi: dzanja lofewa. Mfundo zikauma n'kukhwinyata, ngakhale mnofu wamphamvu bwanji sungazipinde. M'mera m'poyamba, ndipo ntchito yoyambayo ili m'manja mwa a mafizo ndi womusamalira wodwala pakhomo: kupinda ndi kuwongola mfundo iliyonse tsiku ndi tsiku, kukweza dzanja pamtsamiro kuti lisatupe, kuvalitsa tomangira timene a chipatala apereka, kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda za pogonera. Munthu wa chilonda chotseguka dokotala samuchita opaleshoni ya dzanja.

Pali cholakwika chimodzi chimene chimachitika chifukwa cha chikondi. Womusamalira amaona zala zikupindika, n'kumazitambasula mwamphamvu chikhatho chili gwaa, dzanja litapindikira kumbuyo. Kwa munthu wodalira mphatso yaulere ija, kutero kumatalikitsa zingwe mpaka kugwira kuja kutha. A mafizo amaphunzitsa kuti potambasula zala, dzanja ligwere kutsogolo, ndipo podzutsa dzanja, zala zikhale zopinda. Ngakhale poyedzamira manja pochoka pachikuku kupita pabedi, zala zikhale zofumbata.

Mwa njira zonse tatchulazi, yakale kwambiri ndiyo yosafuna batire, kompyuta kapena sipeya. Kusamutsa zingwe kumafuna dokotala wodziwa manja, ulusi, chikhakha ndi a mafizo oleza mtima, ndipo kukatheka kumakhala kwa moyo wonse. Komabe ngakhale m'mayiko olemera, ambiri oyenera opaleshoniyi sachitidwa, kawirikawiri chifukwa palibe amene adawauza kuti ilipo. Choncho banja limene lili ndi wothyoka khosi lisunge tsiku la ngozi, ndipo miyezi 6 isanakwane lifunse dokotala wa mafupa kapena a mafizo mafunso atatu: ndi minofu iti ya m'mkono imene ili ndi mphamvu, ndi iti imene imadumpha ikapatsidwa magetsi, ndipo ndani angayeze ngati dzanjali n'lotheka kulikonza. Mayankho a mafunso awiri oyambawo ndiwo amanena ngati pali changu kapena mpata wodikira.